Chimbudzi cha m'Chigwa Chimagweranji? Mafunso ndi Mayankho kwa Odzimangira Okha ku Chikwawa ndi Nsanje

Mvula ikakata m'chigwa cha Shire, woyenda m'midzi ya kwa Makhuwira, kwa Tengani kapena kwa Ndamera amaona chinthu chimodzi chobwerezabwereza kuseri kwa nyumba: kachidikha kodzaza matope, mitengo yowola itasuzumira, kadenga ka udzu katagwera mkati. Pamenepo panali chimbudzi. Mwini wake adachikumba yekha m'chilimwe, thukuta lili kamukamu, ndipo chaka chino akumbanso china pambali pake m'njira yomwe ija. Akafunsidwa amati ndi madzi osefukira. Madziwo alipodi, palibe angakane. Koma zimbudzi zambiri zimagwa Shire asanafike n'komwe pakhomo, chifukwa zidamangidwa ndi nzeru ya kumtunda pa nthaka ya kuchigwa. Mayankho onse ali m'munsiwa akuchokera pa mfundo imeneyi.

Kodi kudzimangira wekha chimbudzi ndiko kulakwa koyamba?

Ayi, ndipo kunena zoona palibenso njira ina. Kuyambira mu 2008, pamene dziko lino lidayamba ndondomeko yoti mudzi wokha uzitsogolera ukhondo wake, uthenga wa boma ndi mabungwe wakhala woti banja lililonse likumbe chimbudzi ndi zipangizo zimene lili nazo, osadikira simenti yaulere. Uthengawu udagwira ntchito yake: mafumu adayika malamulo, alangizi a zaumoyo adayenda khomo ndi khomo, ndipo midzi yambiri idalengezedwa kuti yathetsa kudzithandiza patchire. Chimene chidaperewera n'chakuti anthu adauzidwa kuti amange, koma kamangidwe koyenera nthaka yawo sikadafotokozedwe mokwanira. Munthu wa ku Thyolo ndi munthu wa ku Makhanga adamva mawu amodzimodzi, pomwe wina amakumba m'katondo wolimba pamwamba pa phiri, winayo m'mchenga umene mtsinje udasiya dzana. Nsanje ndiye malo otsikitsitsa m'Malawi muno. Pomwe Shire akutulukira kulowa m'Mozambique ndi mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000. Madzi onse a kumapiri amathera kuno, ena pamwamba pa nthaka, ena pansi pake. Wodzimangira yekha amene sanayambe waganizira za madzi a pansiwo walakwitsa khasu lisanagunde dothi.

Akuluakulu amati dzenje labwino ndi lakuya. Nanga vuto lili pati?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kumtunda mawuwa ndi oona, chifukwa dzenje la mamita atatu kapena anayi m'katondo limakhala zaka zambiri osasuntha. M'chigwa, munthu amakumba mu Seputembala kapena Okutobala, ntchito ya kumunda itachepa, ndipo iyi ndi nthawi imene madzi a pansi pa nthaka atsikiratu. Amakumba mpaka mutu kubisika, pansi pali gwa, nkukhutira kuti wapeza malo ouma. Pofika Febuluwale madzi aja akwera, alowa m'dzenje kuchokera pansi, ndipo makoma a mchenga akanyowa sagwiranagwirana. Amayamba kugumukira m'munsi mwakachetechete, pamwamba pakuoneka bwinobwino. Tsiku lina munthu amangoponda, pansi nkutitimira. Sikuti mvula idalowera pakhomo kapena padenga ayi. Dzenje lidadyeka kuchokera kumapazi, ndipo likadakhala lalifupi madziwo sakadalifikira.

Vuto lachiwiri ndi losaoneka ndi maso, koma ndiye loopsa. Dothi louma limene lili pakati pa pansi pa dzenje ndi madzi a pansi ndilo sefa. M'menemo tizilombo toyambitsa matenda timakodwa n'kufa. Akatswiri a zaukhondo amalangiza kuti pakhale dothi losachepera mita imodzi ndi theka pakati pa ziwirizi, ndipo ena amati mamita awiri. Dzenje likafika m'madzi, sefayo palibe, ndipo ndowe zimasungunukira m'madzi omwewo amene chitsime cha pakhomo chikutunga. M'madera ambiri a chigwachi mijigo yakuya imatulutsa madzi amchere, choncho anthu amathawira ku zitsime zosazama ndi kufukula mchenga m'mitsinje youma. Madzi okoma kumwawo ndi apamwamba, omwe dzenje lakuya limayamba kuwaipitsa. Ndiye chifukwa chake lamulo la mamita 30 pakati pa chimbudzi ndi chitsime, chimbudzicho chili chakumunsi, si mwambo chabe wa alangizi. Ndipo m'mchenga wokhakhala, momwe madzi amathamanga, mamita 30 ndi poyambira chabe.

Muyezo woona suli m'chilimwe. Amene akufuna kukumba ayang'ane chitsime chapafupi kumapeto kwa dzinja, mu Febuluwale kapena Malichi, aone pomwe madzi afika, kapena afunse amayi amene amatungapo chaka chonse, chifukwa iwo amadziwa kutalika kwa chingwe mwezi uliwonse. Ngati madzi amafika mamita atatu kuchokera pamwamba, dzenje lisapitirire mita imodzi ndi theka. Ngati amafika mita imodzi yokha, monga m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh kapena la Ndindi, kukumba kulibe phindu; malo osungira ndowe ayenera kumangidwa pamwamba pa nthaka. Chimbudzi cha m'chigwa chimapeza kuya kwake pokwera, ndipo masitepe atatu kapena anayi okwerera pakhomo pake si manyado.

Koma dzenje lalifupi silidzaza chaka chisanathe?

Tiwerengere pamodzi. Munthu mmodzi amasiya m'dzenje malita pakati pa 40 ndi 60 pa chaka, chifukwa zambiri zimawola ndi kuphwera. Banja la anthu asanu ndi mmodzi, titatenga nambala yaikuluyo, ndi malita 360. Dzenje lozungulira la mita imodzi m'mimba mwake, lokhala ndi malo a mita imodzi ndi theka, limalandira malita oposa 1,100. Ndi zaka zitatu zimenezo. Dzenje la mamita anayi limene lagwa mvula yoyamba latumikira miyezi inayi. Nanga lotha msanga ndi liti?

Chimene chimadzazitsa dzenje msanga kawirikawiri si anthu, ndi zinyalala: zitsononkho, mapepala apulasitiki, matewera ogula a ana, mabotolo, nsanza. Izi siziwola. Komanso dzenje lalifupi lili ndi mwayi umene lakuya lilibe. Peter Morgan, katswiri wa ku Zimbabwe, adafalitsa njira ziwiri zimene zafika kale m'maboma angapo a dziko lino. Ina, yotchedwa Arborloo, ndi kadzenje kosapitirira mita imodzi. Kakadzaza, silabu ndi kanyumba kopepuka zimasamukira pena, pakalepo nkukwirira dothi ndi kubzalapo nthochi, papaya kapena mango. Inayo, Fossa Alterna, ndi maenje awiri oyandikana ogwiritsidwa ntchito mosinthana: aliyense akadzithandiza amathira dothi ndi phulusa, lina likadzaza limatsekedwa kwa chaka chathunthu, kenako nkufukula manyowa. Cholakwa chofala pa njira yachiwiriyi ndi kufulumira kufukula miyezi isanakwane, kapena kuleka kuthira dothi ndi phulusa. Mazira a njoka za m'mimba ndi ouma mutu, safa ndi milungu ingapo. Alipo amene amanyansidwa ndi manyowa otere, ndipo sitingawakakamize. Iwowo njira yobzala mtengo ija imawakomera, chifukwa palibe chimene dzanja limakhudza.

Ngati kuya kwakhala koyenera, n'chiyani chinanso chimagwetsa dzenje?

Mawonekedwe ake, ndi kusamangira mkati. Ambiri amakumba dzenje la ngodya zinayi chifukwa ndilo losavuta kuyalapo mitengo. Koma khoma lowongoka la dothi lilibe chotsamira, pomwe khoma lozungulira limadzikankha lokha mbali zonse, monga momwe chitsime chimakhalira. Palibe amene adaonapo chitsime cha ngodya zinayi m'mchenga chikukhalitsa. N'zodabwitsa kuti nzeru imene tili nayo kale pa chitsime timaiiwala tikafika pa chimbudzi.

Nthaka ya m'chigwa ndi ya mitundu iwiri yovuta, ndipo iliyonse ili ndi msampha wake. Mchenga ndi dothi la m'mbali mwa Shire, Mwanza ndi Ruo zimagumuka zikanyowa. Makande a kwa Ngabu ndi madera ozungulira amanyenga mwanjira ina: m'chilimwe amauma gwa ngati mwala, khasu kuchita kudumpha, munthu nkuganiza kuti pano sipafunika njerwa. Koma taonani ming'alu yake, ina yolowa dzanja lonse. Mvula yoyamba imatsikira m'ming'alumo mpaka m'dzenje, kenako dothilo limafufuma nkukankha chilichonse chili pafupi. Makande samwanso madzi msanga, choncho dzenje limasanduka thamanda. M'nthaka zonse ziwirizi dzenje liyenera kumangiridwa mkati, ndipo pano pamabwera zolakwa ziwiri zotsutsana. Wina amawaka zidina, zomwe zimasungunuka ngati shuga. Wina, pofuna kulimbitsa, amawaka njerwa zowotcha ndi simenti kuyambira pansi mpaka pamwamba, kupaka pulasitala, ndi kuthira konkire pansi pomwe. Ameneyu wamanga thanki yosatulutsa madzi, imene idzadzaza msanga popanda woipopa. Njira yoyenera pa dzenje lomwera m'nthaka ndi kusiya timipata pakati pa njerwa m'munsimo kuti madzi aziphwera, pansi osathirapo konkire, koma gawo la pamwamba, theka la mita kufikira mita imodzi, kuwaka motseka ndi matope a simenti kuti madzi a mvula, makoswe ndi mizu zisalowe. Gawo lotsekalo lipitirire pamwamba pa nthaka, ndipo kunja kwake kuunjikidwe dothi lotsenderedwa bwino lotsetsereka, kuti madzi oyenda pabwalo azilambalala.

Amene alibe simenti asataye mtima. M'maboma a m'mbali mwa nyanja monga Salima, Mangochi ndi Nkhata Bay, komwenso mchenga umagwetsa zimbudzi, amisiri a m'midzi adayesa kuwaka njerwa mozungulira, mzere uliwonse ukulowa mkati pang'ono mpaka pamwamba patatsala bowo lokha, ngati uvuni. Dzenje lotere silifuna mitengo yoyala kapena silabu yaikulu. Ena amaluka nsungwi ngati nkhokwe nkuitsitsira m'dzenje; ena amagwiritsa ntchito migolo yakale yobowolabowola kapena matayala osanjikiza. Nkhokwe ya nsungwi idzawola, mgolo udzachita dzimbiri, koma pa dzenje la zaka ziwiri kapena zitatu zimakwanira.

Ndalama ikakhala yochepa, iyambire pati?

Pansi pa mapazi. Chimene chimaoneka m'midzi yambiri ndi chosemphana: khoma la njerwa zowotcha lokongola, mwina ndi malata omwe, litakhala pamphepete penipeni pa dzenje losamangira. Khoma ndi limene anansi amaona, n'chifukwa chake limadya ndalama. Koma kulemera kwake konse kumatsamira pa mlomo wa dzenje, malo ofooka kuposa onse, ndipo likagwa limapita ndi njerwa zonse. Kanyumba ka bango, mapesi kapena mphasa kali bwino kwambiri pa nthaka yotere, chifukwa n'kopepuka ndipo kakagwa kamadzukanso tsiku limodzi. Chimene sichiyenera kusowa ndi denga, ndiponso denga lotulukira kunja mokwanira. Chimbudzi chopanda denga chimamwa mvula yonse kudzera pabowo, ndipo denga lalifupi limadonthezera madzi pamlomo pa dzenje pomwe. Bafa nalonso lisamatsanulire madzi ake m'dzenje kapena pambali pake. Mabanja ambiri amagundaniza ziwirizi kuti asunge khoma limodzi, osadziwa kuti akuthirira maziko tsiku ndi tsiku.

Mitengo yoyala pansi ndi nkhani ina. Kale anthu ankadalira tsanya, amene chiswe chimamulephera. Lero tsanya wapita ndi makala, ndipo wotsala ali m'malo otetezedwa monga Lengwe ndi Mwabvi, komwe kudula ndi mlandu. Otsala pakhomo ndi mitengo yofewa, imene ikakwiriridwa ndi dothi lonyowa pamwamba, nthunzi ya dzenje pansi, chiswe m'mbali, siimaliza zaka ziwiri. Apa ndi pomwe thumba limodzi la simenti limaposa malata. Silabu yozungulira yotukuka pakati ngati chivundikiro cha mphika, imene idayambira ku Maputo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, siifuna zitsulo mkati, ndipo kasilabu kakang'ono ka SanPlat kadafalikira kuno m'zaka za m'ma 1980. Ubwino wa silabu ndi wakuti dzenje likadzaza kapena likagumuka, iyo imanyamulidwa kupita pa lina.

Koma silabu yodziumbira ili ndi zolakwa zake, ndipo kutentha kwa chigwa kumazikulitsa. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi ku Nsanje kumadutsa madigiri 40. Anthu ambiri amaganiza kuti konkire imalimba pouma, choncho amaiyanika padzuwa. Zoona zake n'zakuti simenti imalimba pomwa madzi pang'onopang'ono. Ikauma msanga imakhala yofumbutuka mkati ngakhale kunja ikuoneka bwino. Silabu iumbidwe pamthunzi, ifunditsidwe masaka kapena mchenga wonyowa, izithiriridwa kwa masiku osachepera asanu ndi awiri, ndipo mphamvu zake zenizeni zimakwana pakatha milungu inayi. Cholakwa china ndi kutambasula simenti: muyezo umodzi wa simenti umayenda ndi iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala ya kwale, koma wofuna kupulumutsa amathira mchenga kawiri kuposa apo. Mchengawo ukhale wotsukika wa mumtsinje, wopanda matope, ndipo ngati muli zitsulo, madzi amchere a pamjigo asagwiritsidwe ntchito posakaniza, chifukwa mcherewo umadya chitsulo mkati mwa konkire. Isanayikidwe pa dzenje, silabu ikhazikidwe pa njerwa pabwalo, akuluakulu angapo aimepo pamodzi. Ikasweka pamenepo, mwataya thumba la simenti basi.

Bowo nalo lisakule. Lotambalala kuposa chikhatho chotambasula limaopsa ana, ndipo mwana woopa chimbudzi amapita kuseri kwa khola.

Madzi akasefukira amakokolola zonse, zolimba ndi zofooka zomwe. Ndiye kuvutikiranji?

Funso ili ndi lolemera, ndipo wolifunsa sakunama. Mu Januwale 2015 Ruo adasiya njira yake nkudula Makhanga. Mu 2019 kudabwera namondwe Idai, mu 2022 anamondwe Ana ndi Gombe motsatizana, mu 2023 Freddy. Namondwe Ana adawononga ngakhale damu la malo opangira magetsi ku Kapichira. Madzi amene agonjetsa damu la akatswiri sangaope chimbudzi cha pakhomo, ndipo munthu amene wamanga nyumba katatu m'zaka khumi ali ndi chifukwa chomveka chosafunira kukwirira ndalama m'dzenje.

Komabe pali zinthu ziwiri zofunika kusiyanitsa. Chigumula chokokolola mudzi chimabwera zaka zina, m'malo ena. Madzi ofika m'akakolo, odikha pabwalo masiku awiri kapena atatu, amabwera pafupifupi dzinja lililonse m'midzi yambiri, ndipo amenewa ndi omwe chimbudzi chokwezedwa theka la mita chimapulumuka. Kumangira madzi a chaka ndi chaka n'kotheka ngakhale kumangira Freddy kuli kosatheka. Chachiwiri, funsoli likatsatidwa bwino likuvomereza mfundo yathu. Ngati zonse zingapite, nzeru ndi kusamanga cholemera ndi chakuya, koma chopepuka, chosazama, chokhala ndi silabu imene ingafukulidwe m'matope nkugwiranso ntchito. Ndipo dzenje lakuya lodzaza ndowe za zaka zisanu likasefukira, zonsezo zimayandama m'mudzi. Kadzenje kothiridwa dothi ndi phulusa kamatulutsa zochepa. Kolera amadikira nthawi yomweyi. Madzi a mu 2015 atangophwera, ku Nsanje kudaperekedwa katemera wakumwa wa kolera, ndipo mliri umene udayamba mu Malichi 2022, namondwe atangodutsa, udafika msanga ku Nsanje ndi Chikwawa usanafalikire dziko lonse ndi kupha anthu oposa 1,700. Madzi saiwala khwawa. Amene amadziwa pomwe madzi adadutsa chaka chatha asakumbe pomwepo chifukwa choti ndi pobisika kwa apongozi.

Ena amaika paipi ya mpweya koma fungo ndi ntchentche osatha. Amalakwitsa chiyani?

Amatenga paipi nkusiya nzeru yake. Chimbudzi cha paipi chidapangidwa ku Blair Research Laboratory ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, ndipo chimagwira ntchito motere: mphepo yodutsa pamwamba pa paipi imakoka mpweya wa m'dzenje, mpweya watsopano nkulowera pabowo, ntchentche za m'dzenje zimatsata kuwala kwa kumwamba kwa paipi, nkukakodwa pa kasefa ka waya mpaka kufa. Choncho paipi yopyapyala ngati ya madzi akumwa siikoka kanthu. Imafunika ya mamilimita 110 kapena kuposa, yowongoka, yopitirira denga ndi theka la mita. Yopanda kasefa imasanduka msewu wa ntchentche. Yovekedwa chipewa chotseka imatsamwa. Mkati mwa kanyumba muyenera kukhala mwamdima pang'ono, apo ayi ntchentche zimatulukira pabowo. Ndipo pa chimbudzi chotere bowo silitsekedwa ndi chivundikiro chothina, pomwe pa chimbudzi chopanda paipi chivundikiro ndicho chofunika koposa. Anthu amasokoneza malamulo awiriwa kawirikawiri.

Za kuthira mankhwala m'dzenje, tinene mwachidule. Oyilo wakutha wa galimoto, palafini, mabatire akale ndi mankhwala a thonje sizichepetsa ndowe. Zimapha tizilombo towoletsa, nkutsikira m'madzi a pansi. Kolorini ndi wotsukira silabu ndi kuthira m'madzi akumwa, osati kutsanulira m'dzenje. Phulusa la pamoto ndi laulere ndipo limaposa zonsezi.

Chimbudzi chikayamba kutitimira kapena kung'aluka, chingakonzedwe?

Kawirikawiri ayi, ndipo apa ndi pomwe kudzikonzera kumapha. Pansi pakayamba kunyenyeka, chizolowezi ndi kuzira dothi lina pamwamba kapena kumata simenti m'ming'alu. Kutereku ndi kuwonjezera katundu pa mitengo yowola kale ndi kubisa chizindikiro chimene chikadachenjeza ana. Mng'alu wozungulira kanyumba panthaka, chitseko chimene chayamba kukana kutsekeka, kapena khoma lopendekera mkati zikutanthauza kuti pansi padyeka. Chotere chitsekedwe tsiku lomwelo, silabu ichotsedwe anthu ataima pa matabwa aatali oyalidwa patali ndi mlomo, dzenje likwiriridwe ndi dothi losachepera theka la mita. Latsopano lisakumbidwe mogundana nalo, chifukwa dothi la pakati ndi lofooka kale.

Kulowa m'dzenje, kaya kukatola foni, kaya kukapulumutsa kamwana ka mbuzi, kaya kukawaka pomwe pagumuka, kusachitike. M'maenje ndi m'matanki a zimbudzi mumakhala mpweya woipa umene umakomola munthu asanakuwe, ndipo wolowa kukamupulumutsa amagwanso chimodzimodzi. Kuunikira ndi machesi kapena koloboyi nakonso n'koopsa, pakuti mpweya wina wa m'menemo umayaka.

Nanga a ku Nchalo, Bangula ndi pa Boma amene akuika zimbudzi zogejemula m'nyumba?

Iwonso nthaka ndi yomweyo, ndipo zolakwa zawo zimadula kuposa. Za m'nyumba n'zodziwika kwa pulambala aliyense. Mpando umalumikizidwa ku paipi ndi cholumikizira cha labala, koma wodziikira amamata simenti. Nyumba ikasuntha pang'ono, monga zimachitira pa makande, simentiyo imang'aluka, fungo nkumatuluka, kapena khosi la mpando nkuthyoka. Mabawuti omangira mpando pansi akamangidwa mopitirira amaswa dongo lake. Paipi yopita kunja imafuna kutsetsereka kwa sentimita imodzi pa masentimita 40 aliwonse. M'chigwa chathyathyathya anthu amaigoneka chogona, ndowe nkumaima panjira, kenako amathira asidi kapena kusokosa ndi chitsulo mpaka kuboola paipi. Kathanki ka madzi ogejemulira kodontha mosalekeza kamaoneka ngati nkhani ya bilu ya madzi chabe, koma kamatha kudzaza dzenje lomwera madzi usiku ndi usana. Ndipo nyumba imene mpopi wake umauma masiku angapo pa mlungu iganize kawiri isanagwetse chimbudzi chakunja.

Koma cholakwa chachikulu chili panja. Chimene ambiri amatcha sepitiki ndi dzenje wamba lovundikira konkire. Thanki yeniyeni imakhala yosadontha, ya zipinda ziwiri, choyamba chachikulu kuwirikiza kawiri chinzake, yokhala ndi mapaipi opindikira pansi polowera ndi potulukira kuti zolimba zitsale, madzi okha apite ku dzenje la miyala lomwera. Dzenje lomweralo ndilo limavuta kuno: m'makande silimwa, ndipo pomwe madzi a pansi ali pafupi limadzaza lokha m'dzinja, zonyansa nkubwerera m'bafa. Kuliwonjezera kuya, komwe ndiko anthu amathamangira, kumangolilowetsa m'madzi. Chothandiza ndi ngalande zazitali zosazama, zoyalidwa miyala ndi paipi yobowola, kuti madzi amwere m'dothi la pamwamba, kapena kuunjika mchenga ndi dothi kuti ngalandezo zikhale pamwamba pa nthaka. Musanagule mpando, kumbani kadzenje pomwe mukufuna kumwetsera, mukadzaze madzi madzulo m'nyengo ya mvula, mukaone m'mawa. Mukapeza madzi ali pomwe munawasiya, malowo sangalandire chimbudzi chogejemula popanda mmisiri wodziwa kukweza ngalande. Thanki ya sepitikiyo isapopedwe mpaka kuuma pakati pa dzinja: madzi a pansi amanyamula thanki yopanda kanthu ngati bwato, makamaka yapulasitiki, ndipo mapaipi onse amathyokera m'nthaka.